Wapita ndi foni ya gulu, nanga ife titani?

Mwezi uno ndasankha makalata awiri, onse ochokera kwathu konkuno ku Mangochi. Kudandaula kwake n'kumodzi: munthu akachoka pa ntchito, zimene ankadziwa zimachoka naye.

FUNSO

Zikomo bambo. Ine ndine mlembi wa kopaletivi ya amayi ndi abambo ofutsa, kuumitsa ndi kugulitsa usipa kuno mbali ya Monkey Bay. Chaka chatha mnyamata amene ankatiyendetsera malonda ananyamuka kupita ku Johannesburg kukasaka maganyu. Sanabe kanthu, tisamunamizire, koma anapita ndi foni imene ogula athu a ku Limbe ndi ku Lilongwe ankaimbapo. Wodziwa kuti uje ali ndi ngongole yathu, uje amalipira pakutha pa mwezi, dalaivala wodalirika ndi uti, anali iye yekha. Mpaka lero ndalama zina sitikudziwa kuti tikazitole kwa yani. Tsopano mantha athu ali pa mayi ena achikulire amene amafutsa usipa bwino kuposa tonsefe. Usipa wawo suduka mitu, umawala, ndipo ogula amachita kuulimbirana. Tikawapempha kuti atiphunzitse amangoti "muzingoona". Alangizi anatiuza kuti tilembe m'buku zonse zimene gulu limadziwa. Buku tinagula, koma papita miyezi lili loyera. Tiyambire pati?

Mlembi wothedwa nzeru, Monkey Bay

YANKHO

Mayi mlembi, pepani ndi zimene zakugwerani, komanso zikomo kuti simunamusemere chinyau mnyamatayo. Ambiri akamalemba kalata yotere amayamba ndi kunyoza wochokayo, chonsecho vuto linayamba iye asanakwere basi, tsiku limene gulu lonse linalola kuti malonda onse azikhala m'thumba la munthu mmodzi.

Buku lanu likadali loyera chifukwa munauzidwa kuti mulembe zonse, ndipo zonse zilibe poyambira. Chinanso, m'kalata mwanu mwaphatikiza mavuto awiri osiyana. Zimene anapita nazo mnyamata uja ndi zolembeka: manambala, mayina, ngongole, masiku olipira. Zimene ali nazo mayi achikulirewo zili m'manja ndi m'maso, ndipo cholembera pachokha sichingazitulutse. Tiyambe ndi zophwekazo.

Mnyamatayo ali moyo, ndipo ku Johannesburg intaneti iliko. Mutumizireni uthenga pa WhatsApp, mupangane Lamlungu masana pamene sali pa ganyu, ndipo mukhalepo atatu: inu, wapampando ndi msungichuma. Musamuuze kuti "tiuze zonse zimene ukudziwa", chifukwa atchula ziwiri zitatu n'kunena kuti basi. Muyendetseni ulendo wake womwe uja. "Ukatsika ku Limbe m'mamawa unkayamba kuonana ndi ndani? Ameneyo amatenga matumba angati? Amalipira pompo kapena amati ubwere Lachisanu? Nanga ukachoka pamenepo unkalowera kuti?" Munthu amakumbukira bwino akamatsata mapazi ake. Mumupemphenso akutumizireni zithunzi za mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba amene akadali m'foniyo, poti m'menemo muli tsiku, nambala ndi kuchuluka kwa ndalama. Mukatero aimbireni ogulawo mmodzimmodzi, mwaulemu, kuwauza kuti mukulongosola mabuku ndipo mukufuna mugwirizane pa zotsala. Ena akana, zimenezo muziyembekezere, ndipo ngongole ina imene inalibe pepala kapena mboni mudzangoilira. Koma ogula ambiri amafuna usipa wanu wa mawa kuposa kukubisirani ndalama za dzulo.

Nambala ya foniyo musailimbirane. Kuyambira 2018 simukhadi iliyonse m'dziko muno imalembetsedwa ndi chiphaso, ndiye ngati mnyamatayo anailembetsa ndi chiphaso chake chaunzika, nambalayo ndi yake ngakhale foni munagula ndinu. Gulani ina. Tengani satifiketi ya kopaletivi mukafunse ku ofesi ya kampani ya foni ngati angailembetse m'dzina la gulu. Zikakanika, gwirizanani pamsonkhano kuti ilembetsedwe m'dzina la yani, mulembe m'maminitsi kuti foni ndi nambala ndi katundu wa gulu, wolembetsayo asayine. Nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba isalembedwe m'buku limene aliyense amatsegula. Ilembeni pakapepala, muike mu envulopu yomata, wapampando asunge, ndipo izisinthidwa nthawi iliyonse wogwira foni akasintha.

Tsopano buku loyera lija. Pamsonkhano ukubwerawu funsani aliyense amene ali ndi udindo funso ili: mawa mutagonekedwa m'chipatala, n'chiyani chingaime pa gulu lino? Msungichuma anena za makiyi a bokosi ndi oyenera kusayina kubanki. Wogula nsomba padoko anena kuti mwini boti uti amakongoza, uti amasakaniza usipa wa dzulo. Wosamala mathandala anena kumene amagula nsungwi ndi waya. Zimene ayankhezo ndi zimene mulembe, tsamba limodzi pa ntchito imodzi, pamwamba tsiku ndi dzina la wofotokoza. Ine pa zaka zimene ndinkayendera mabuku a magulu ndinaona m'maofesi ena mabuku a ndondomeko onenepa, omata bwino, amene wowatsegula woyamba anali chiswe. Tsamba limodzi limawerengedwa. Masamba makumi asanu amangosungidwa.

Pa mitengo chenjerani. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo yonse imene anthu anali atalemba inasanduka mbiri chabe. Cholemba ndi kawerengedwe kake: ndowa mwagula zingati padoko, nkhuni, mchere, aganyu, thumba, galimoto, chiphaso cha msika, ndiponso usipa umene umaphwanyika panjira. Wodziwa kuwerengera zimenezi angathe kupeza mtengo chaka chilichonse.

Ndipo bukulo musalisunge pansi pa bedi m'nyumba ya m'mphepete mwa nyanja. Tonse tinaona mu 2024 madzi atakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo. Likhale mu ndowa yovundikira, pamalo okwera, ndipo tsamba lililonse latsopano lizijambulidwa pa mafoni awiri a anthu osakhala nyumba imodzi.

Nkhani ya mayi achikulirewo ndiye yofuna kufatsa.

Akamati "muzingoona", musafulumire kunena kuti ndi oumira. Mwina akunena zoona. Padoko lina cha ku Malindi ndinakhalapo pambali pa mayi ena akufutsa. Madzi akubwadamuka m'beseni lalikulu, iwo anaviikamo usipa, maso ali pa thovu. Kenaka anatola kamodzi, kukatsina pakhosi ndi chala, n'kuvuula wonsewo msangamsanga kupita nawo pa thandala. Nditafunsa kuti adziwa bwanji kuti nthawi yakwana, anandiyang'ana modabwa n'kuti, "Nanga inu simukuona?" Ine sindinkaona kanthu. Funsaninso siginala, amene amatsogolera asodzi a khoka la chilimira, kuti amadziwa bwanji pamene pali usipa usiku kuli mdima, akuuzani zochepa kwambiri kuposa zimene amachita. Michael Polanyi, katswiri wobadwira ku Hungary, analemba mu 1966 kuti munthu amadziwa zambiri kuposa zimene angathe kunena, ndipo aliyense amene anakulira padoko angamuvomereze.

Makampani aakulu nawonso anagundapo pomwepa. Mu 1985 kampani ya Matsushita ya ku Osaka m'dziko la Japan, imene lero timaidziwa kuti Panasonic, inkayesa kupanga makina ophikira buledi pakhomo. Buledi wake ankapserera kunja, m'kati muli mosapsa. Akatswiri anapima apa ndi apo, osapeza chifukwa. Mapeto ake mayi wina wolemba mapulogalamu a kompyuta, Ikuko Tanaka, anapita kukakhala wophunzira kwa mkulu wophika buledi pa Osaka International Hotel. Wophikayo sankatha kufotokoza chinsinsi chake. Koma pokanda naye limodzi, mayiyo anazindikira kuti bamboyo sankangokoka ufa wokandawo, ankaukoka uku akuupota. Atabwerera anafotokozera opanga makina, iwo anasintha m'kati mwa makinawo kuti azichita chimodzimodzi, ndipo atatuluka mu 1987 anagulidwa kwambiri. Nkhaniyi inatchuka chifukwa cha Ikujiro Nonaka, mphunzitsi wa ku Japan amene anafufuza za momwe nzeru zimayendera m'makampani. Taonani kuti sanamuitanire wophikayo ku semina. Anamutsatira kukhitchini.

Inunso chitani zomwezo. Sankhani atsikana awiri, osati mmodzi, chifukwa mmodzi akhoza kukwatiwa ku Namwera chaka chamawa. Akhale pambali pa mayiwo nyengo yonse, osati Loweruka limodzi, poti kufutsa kwa mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo n'kosiyana ndi kwa mu Januwale mitambo itaphimba. Atsikanawo azigwira ntchitoyo ndi manja awo, mayiwo aziwadzudzula. Kudzudzulako ndiye phunziro lenileni: munthu amene sangathe kufotokoza chabwino, choipa amachiona msanga n'kukuwa kuti "Iwe, vuula, wapsetsa!" Inu mlembi muzikhala chapatali pang'ono ndi kope m'thumba. Mukaona achotsa chikuni pamoto, funsani pomwepo kuti achotseranji. Mukaona ataya madzi n'kuteleka ena, funsani kuti aona chiyani. Ngati amathira mchere ndi dzanja, apempheni athire kaye m'kapu, mulembe mzere pamene wafika. Nthawi imene usipa wakhala m'madzi muiyeze pa foni kangapo, masiku osiyana. Madzulo mulembe. Pakapita masabata, atsikanawo afutse okha potsata zimene mwalemba, mayiwo kulibe, kenaka muwaonetse usipawo osawauza kuti wafutsa ndani. Akaukana, pepala lanu likupereweza, bwererani kumoto. Ngakhale zitayenda bwino, dziwani kuti pepala lidzangosunga gawo; zambiri zidzakhala m'manja mwa atsikanawo, ndipo iwonso adzafunika kuphunzitsa ena.

Koma pali mbali ina imene alangizi ambiri saitchula, ndipo ine ndimaiona kuti ndiyo yaikulu. Mayiwo akakuphunzitsani, iwo atsala ndi chiyani? Lero akafika padoko mumawapatsa mpando chifukwa usipa wawo ndi umene umakopa ogula. Anaonapo anzawo amene anaphunzitsa ana, anawo atadziwa n'kuyamba kuwatcha okalamba ochedwetsa ntchito. Munthu wotero akamabisa luso, akudzitchinjiriza. Ndiye musapite inu nokha ndi buku m'manja ngati wolemba kalembera. Mupite ndi wapampando kunyumba kwawo, mukhale pamkeka, muwauze kuti, "Agogo, gulu lagwirizana kuti inu mukhale aphunzitsi athu." Ndipo zisathere pakamwa. Gwirizanani kuti pa ndowa iliyonse imene ophunzira awo afutsa n'kugulitsidwa, iwo azilandirapo kenakake, zilembedwe m'maminitsi. Tsamba la kafutsidwe likhale ndi dzina lawo pamwamba. Alendo akabwera kudzaona gulu, owafotokozera akhale iwo. Ena pagulupo adandaula kuti n'kukondera. Afunseni kuti gulu lidzataya zingati ogula akadzazindikira kuti usipa wasintha.

Zikakhazikika zimenezi, yambani chizolowezi chimodzi chotsika mtengo. Asilikali a ku America, kuyambira m'zaka za m'ma 1970, akamaliza ntchito kapena maphunziro amakhala pansi, wamkulu ndi wamng'ono, n'kufunsana mafunso anayi: timafuna kuti chichitike n'chiyani, chachitika n'chiyani, kusiyanako kwadza chifukwa chiyani, ulendo wina tidzachita bwanji. Inu muzichita zimenezi galimoto ikangobwerako ku msika, pansi pa mtengo wa mango, kwa kanthawi kochepa, zinthu zisanaiwalike. Lamulo lake ndi lakuti si bwalo la milandu. Mukangoyamba kuloza chala kuti walakwa ndi uje, ulendo wotsatira aliyense adzanena kuti zonse zinayenda bwino. Yankho la funso lachinayi lokha ndi limene mulembe, mizere iwiri kapena itatu. Masiku a mwera, mabwato akakhala pamtunda ntchito itachepa, tulutsani bukulo muwerenge mokweza kuti osatha kuwerenga amve, ndipo zimene zatha ntchito muzidule mzere.

Si nzeru zonse zili m'gulu lanu. Alangizi a zausodzi, ambiri mwa iwo ophunzira pa koleji ya ku Mpwepwe konkuno, aitaneni adzaone tsamba la kafutsidwe, awonjezere za ukhondo. Mukamva kuti gulu lina likuumitsa nsomba m'matenti a pulasitiki oumitsira ndi dzuwa, tumizani anthu awiri akagwire nawo ntchito, asakangojambula zithunzi.

Chomaliza pa kalata yanu ndi masankho. Makomiti a m'madoko, ma BVC aja, anayambira ku nyanja ya Malombe mu 1993 chambo chitayamba kusowa, ndiye patha zaka zoposa 30 anthu a kuno tikusankha makomiti. Koma mpaka lero m'magulu ambiri komiti yatsopano imalandira chidindo ndi makiyi basi, n'kuyamba kufunsa zinthu zimene anzawo anazidziwa kalekale. Lembani m'malamulo a kopaletivi yanu kuti otuluka ndi olowa azigwira ntchito limodzi mwezi wathunthu, kuti maudindo onse asamasinthe tsiku limodzi, ndiponso kuti katundu ndi mabuku azipatsirana powerenga chimodzichimodzi pamaso pa mboni, kaya a mfumu kaya alangizi. Ndipo amene adzalowe m'malo mwa mnyamata uja asamapite ku Limbe yekha ulendo uliwonse. Mtengo wa basi wa munthu wachiwiri ndi wochepa poyerekeza ndi zimene mwataya kale.

FUNSO

Bambo, ine ndimagwira ntchito ku kabungwe kena kothandiza alimi pa boma pano. Pulojekiti ikatha anthu amachoka, malipoti ali m'malaputopu awo. Wobwera watsopano amayambanso kafukufuku m'midzi yomweyo, mpaka mafumu atopa nafe. Abwana akufuna tigule pulogalamu ya kompyuta yodula yosungira zonse. Ine ndikuti gulu lathu la pa WhatsApp ndi lokwanira. Akulondola ndani?

Mnyamata wa ku ofesi, Mangochi Boma

YANKHO

Achimwene, nonse awiri mwaphonya, koma abwana anu aphonya modula.

WhatsApp ndi yabwino pofunsana mwachangu, koma posunga ili ngati Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi: chimene chadutsa m'mawa, madzulo chili ku Malombe. Lipoti limene munatumizirana chaka chatha lili pansi pa mauthenga a maliro, zithunzi za ukwati ndi mavesi a m'mawa, ndipo wolowa ntchito lero sangaone zimene zinatumizidwa iye asanaikidwe pa gulupo. Komanso mayina, manambala a ziphaso ndi zithunzi za alimi amene mumawathandiza si zoponya pa gulu la foni. Dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza zinsinsi zoterezi, ndipo foni imabedwa.

Pulogalamu yodula nayo siidzatola yokha malipoti m'malaputopu. Ngati lero anthu saika zinthu pamalo amodzi, akagula pulogalamuyo sadzaikanso, ndipo pulojekiti imene ikulipira ikadzatha mudzatsekeredwa kunja. Ngakhale muyezo wa mayiko onse pa nkhani imeneyi, ISO 30401 wa 2018, sutchula pulogalamu yoti mugule. Umafunsa za utsogoleri, maudindo ndi khalidwe la anthu pa ntchito.

Yambani ndi foda imodzi ya pa intaneti yotsegulidwa ndi imelo ya bungwe, osati ya munthu, ndipo anthu awiri akhale ndi mphamvu zolowera. Gwirizanani katchulidwe ka mafayilo: chaka, mwezi, dera, nkhani. Fayilo yotchedwa "lipoti lomaliza lenileni 2" palibe adzaipeze. Munthu mmodzi apatsidwe udindo woona Lachisanu lililonse kuti za sabata imeneyo zalowa, ndipo kamodzi pamwezi azikopera zonse pa chosungira china chokhala mu kabati, poti magetsi ndi netiweki mukuzidziwa. Lembaninso tsamba limodzi lonena kuti ndani amadziwa chiyani: wodziwa njira za ku Makanjira nthawi ya mvula, wolankhula Chiyao bwino pamaso pa mafumu, wodziwa zimene munalonjeza mudzi uti. Nthawi zambiri munthu watsopano safuna lipoti, amafuna kudziwa woti amufunse.

Wochoka muzikhala naye pansi kutatsala mwezi, osati tsiku lomaliza pamene mtima uli pa cheke. Wolowa m'malo mwake apite naye kumudzi akamuonetse kwa mafumu ndi makomiti, chifukwa kukhulupirirana sikulowa mu foda.

Ngati anzanu akuchita ulesi kulemba, tengerani ku Xerox. M'zaka za m'ma 1990 kampaniyi inakonza malo a pa kompyuta otchedwa Eureka, kumene amakaniko a makina a fotokope ankalembako njira zimene atulukira pokonza makina ovuta. Anzawo odziwa ankayamba aziyesa zisanafalitsidwe, ndipo njira iliyonse inkatuluka ndi dzina la mwini wake. Dzinalo ndi limene linkawakoka. Inunso pa msonkhano wa mwezi muzitchula amene zolemba zake zathandiza mnzake.

Musanakangane ndi abwana, apempheni miyezi itatu muyese zimenezi. Ikatha, itanani wantchito amene walowa kumene, mumuuze apeze lipoti la chaka chatha la ku Makanjira popanda kufunsa munthu, abwana ali pomwepo. Akalipeza tiyi asanazizire, ndalama za pulogalamuzo mugulire mafuta a njinga zamoto. Akalephera, onani pamene wakodwa, ndipo pokhapo mudzadziwa chimene mukufuna kuti pulogalamuyo idzakuchitireni.